Bokosi la Tyrrell lija musalitsegule kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Mufakose muno mu Harare, mnzathu amene makolo ake anachokera ku Dedza. Akuti posuntha katundu kunyumba kwa malemu bambo awo, anapeza pamwamba pa wadirobu bokosi la kampani ya Tamiya la kiti (tizidutswa tapulasitiki tomata n'kupanga kagalimoto kakang'ono) ya galimoto ya mpikisano ya Tyrrell P34, zidutswa zonse zikadali m'mapepala ake. Analigula ali mnyamata, kenako ukwati, ana ndi fizi zinalowa, mpaka zaka zoposa 25 zadutsa asanagwirenso guluu. Akufunsa ngati kiti yakale chonchi ingamangikebe, komwe angapeze zipangizo muno mu Harare, komanso ngati anthu sadzawaseka munthu wa imvi akuseweretsa tigalimoto.

Achimwene, ndiyambe ndi loseka lija chifukwa n'lachidule. Aseka, inde. Mayi akunyumba kwanga anaseka mwezi wathunthu, lero ndi amene amaletsa adzukulu kuyandikira shelefu. Tonsefe tinakula tikupinda waya ndi kudula mapatapata akutha kupanga matayala, ndipo palibe anatiyesa amisala. Tingochita zomwezo, koma tsopano ndi mandala kumaso.

Nkhani yaikulu ndi bokosilo. Lingamangike, koma musayambire pamenepo.

Pulasitiki yake nthawi zambiri imapirira zaka zambiri ngati sinakhale padzuwa kapena pansi penipeni pa malata. Chimene chimakalamba ndi ma decal, timapepala ta manambala ndi mayina a makampani timene timanyikidwa m'madzi tija. Tengani kamodzi kamene simudzakafuna, mukadule, mukaike m'madzi ofunda pang'ono kwa masekondi ochepa. Kakatsetsereka bwino kuchoka papepala, muli ndi mwayi. Kakasweka tizidutswatizidutswa, pepala lonse muyenera kulipaka kaye mankhwala a Liquid Decal Film a kampani ya Microscale, liume, ndiyeno chilichonse muzichidula motsata m'mphepete. Ngati zoyera zasanduka zachikasu, ikani pepalalo m'kajumbo koonekera, mumate pawindo mkati mwa nyumba moyang'ana dzuwa kwa masiku angapo. Dzuwa la kuno limagwira ntchito imeneyi kwaulere. Onaninso matayala. M'makiti ena akale labala yake imadya pulasitiki imene yagundana nayo, ndiye apatuleni lero lomwe, muwaike m'kathumba kaokha.

Koma ngakhale zonsezi zikhale bwino, P34 si galimoto yophunzirirapo. Ili ndi matayala 6, anayi ang'onoang'ono kutsogolo, ndipo miyendo yogwira matayalawo pamodzi ndi injini ya Ford Cosworth zonse zili poyera. Mukalakwitsa palibe pobisa. Ndi galimoto imene Jody Scheckter wa ku South Africa anapambana nayo mpikisano wa ku Sweden mu 1976, mnzake Patrick Depailler n'kukhala wachiwiri, ndipo ndi imene Tamiya anayambira nayo mndandanda wa magalimoto a Formula One a sikelo ya 1/20 (ochepa ka 20 kuyerekeza ndi galimoto yeniyeni) mu 1977. Kuonjezera apo bokosilo bambo anu analisunga zaka zonsezi osalitaya. Mukaliononga ndi manja amene aiwala ntchito, mudzadandaula kuposa mtengo wake.

Gulani kaye kiti ya 1/24 ya galimoto yotseka thupi lonse, makamaka yopanda injini yomanga payokha. Pa sikelo imeneyi galimoto yotalika mamita 4.8 imakhala masentimita 20, yokwana bwino m'manja. Tamiya, Hasegawa, Fujimi, Aoshima ndi Revell onse ali nazo, koma ine ndikanasankha Tamiya chifukwa zidutswa zake zimalumikizana popanda kulimbana nazo. Imeneyo ndiyo mulakwitsirepo, ndipo muimalize ngakhale ioneke moipa. Anthu ambiri obwerera ku ntchitoyi amagula mabokosi asanu, n'kuyamba atatu, osamaliza ndi limodzi lomwe.

Zinthu zasintha kuyambira pamene munasiya. Mukukumbukira guluu wa m'chubu amene ankatuluka ngati phala, n'kusiya ulusi ndi chidindo cha chala pagalasi? Masiku ano tili ndi Tamiya Extra Thin Cement, wamadzimadzi, wa m'kabotolo ka chitsekerero chobiriwira. Mumagwirizanitsa zidutswa ziwiri zouma kaye, kenako n'kukhudza pamzere ndi kaburashi, guluu amayenda yekha kulowa mkati n'kusungunula mbali ziwirizo kuti zikhale chinthu chimodzi. Chala chisakhale pamzerepo, chifukwa amatsatira chala. Pagalasi musamugwiritse ntchito, ndipo supa guluu ndiye woipiratu, amasiya nkhungu yoyera. Guluu woyera wa akalipentala amakwana, amauma n'kuoneka ngati madzi.

Penti ndi pamene ine ndinagwa. Nditabwerera, ndinagula chitini cha penti wopopera magalimoto enieni m'sitolo ina ya hadiweya m'tauni, ndikudziona wochenjera kuti ndapulumutsa ndalama. Ndinapopera mwamphamvu pathupi la Porsche 956 popanda primer, penti woyamba amene amateteza pulasitiki. Sipanathe mphindi zisanu, denga linachita makwinya ngati khungu la nkhuku yososola. Penti wa magalimoto ali ndi mankhwala aukali amene amadya pulasitiki yamtunduwu. Angagwire ntchito, koma primer pansi, ndipo ulendo woyamba ndi wachiwiri muzingouluzira pang'ono chapatali, pafupifupi chikhatho chimodzi ndi theka. Yesani kaye pa supuni yapulasitiki, zija zimabwera ndi chakudya chogula. Mukamaliza, thupilo lisiyeni sabata yathunthu. Likamanunkhabe penti, silinaume. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyengo ya Harare nayonso ili ndi zake. Kuyambira Meyi mpaka Julayi mpweya ndi wouma, penti amagona bwino, bola mudikire kuti kufunde cha m'ma 10 koloko ndipo chitini muchikhazike kaye m'madzi ofunda, osati otentha. Mu Ogasiti ndi Seputembala mdani ndi fumbi. Ine ndimawaza madzi pansi pakhonde, ndikangopopera ndimavundikira thupilo ndi bokosi lapulasitiki losungira zakudya. Mvula ikayamba mu Novembala, chinyezi chimachititsa penti wowala kuchita mbuu, ndiye nthawi imeneyo ndimapanga za injini ndi mipando ndi burashi. Za airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, musafulumire nazo. Ndi mmene magetsi amazimira muno, makina ake opopa mpweya amakhala ngati chokongoletsa m'nyumba.

Kopeza zinthu. Lezala, sandipepa wa m'madzi wa nambala 600, 1000 ndi 2000, tepi ndi timitengo totokosera m'mano zonse zili m'masitolo a hadiweya ndi ogulitsa penti wa magalimoto. Sandipepa woparira zikhadabo wa ku saluni ndi wabwino kwambiri posalaza pamene mwadula chidutswa. Makiti, guluu ndi penti wa Tamiya ine ndimaitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa achibale obwera pamsewu wa Beitbridge. Musatume munthu wobwera pandege kuti akutengereni zitini zopopera, siziloledwa m'katundu chifukwa zimayaka. Bokosi la kiti lokha alinyamule m'manja, lisapanikizike pansi pa matumba a golosale.

Chinanso musadabwe nacho: makiti a masiku ano sakhala ndi mayina a fodya. Mukagula McLaren MP4/4 ya 1988, imene Ayrton Senna ndi Alain Prost anapambana nayo mipikisano 15 mwa 16, mupeza zofiira ndi zoyera koma dzina la Marlboro mulibe, limagulidwa padera kwa opanga ma decal. Zimandiseketsa chifukwa mwambo wopenta galimoto ya Formula One mitundu ya kampani ya fodya unayamba ndi anthu a kuno. John Love wa ku Bulawayo, amene anatsala pang'ono kupambana mpikisano wa ku Kyalami ku South Africa mu 1967 koma n'kuthera pa nambala 2 mafuta atamuvuta, anafika pa mpikisano womwewo mu 1968 ndi galimoto ya mitundu ya fodya wa Gunston, timu ya Lotus isanavale za fodya wa Gold Leaf.

Tsiku la mpikisano ku Donnybrook, bwalo la mipikisano ya magalimoto muno mu Harare, mukapiteko ndi foni. Mukajambule kumbuyo kwa matayala, pamene fumbi la mabuleki limadetsa, ndi mmene ekizozi imasinthira mtundu ikapsa. Mukamaliza ya 1/24 ija munditumizire chithunzi, ndiye tikambirane za miyendo yakutsogolo ya Tyrrell, chifukwa pali dongosolo lomatira kuti matayala onse 6 agunde pansi.