Yankho kwa asuweni pa za kachikumbu ka pawindo

Asuweni, chithunzi chanu ndachiona, ndipo funso lakuti kachikumbu kobiriwirako kamaluma kapena ayi ndalimva. Koma ine ndimakudziwani, chimene chakusowetsani tulo si kulumidwa ayi, ndi nyumba imene mwangoigula ku Vancouver. Dzina la kachikumbuko ndi Buprestis aurulenta, kwawo ndi kumadzulo kwa North America komweko, ndipo mukakayang'anitsitsa muona kuti m'mphepete mwa mapiko onyezimirawo muli mtundu wa golide... ayi, ndinene kuti wa mkuwa.

Mwandikumbutsa amalume ndi tebulo lawo lija. Iwo atayamba kumva kukukuta usiku, anagona ndi tochi masiku atatu, poyamba akuimba mlandu makoswe, kenako ife ana, ngati kuti tinali ndi mano odyera matabwa. Tsiku limene anapeza kabowo kamodzi pamwendo wa tebulolo, kafumbi kali pansi pake, analikokera pabwalo, analithira palafini n'kuliyatsa, akazi awo ataima pakhonde manja ali m'chiuno. Mwezi wathunthu... pepani, inali miyezi iwiri, ankadya mbale ili pamiyendo, uku akuuza alendo kuti tebulolo sankalikonda n'kale. Magazi amenewo muli nawo, n'chifukwa chake ndafulumira kuyankha.

Tsono mvetserani. Zikumbu zimenezi zimaikira mazira m'ming'alu ya makungwa a mitengo ya paini ndi ya Douglas fir imene yangofa kumene kapena yawauka ndi moto. Mphutsi yake imadya mkati mwa mtengo kwa zaka 2 mpaka 4, koma mtengowo ukachekedwa n'kuuma, chakudya chimachepa mphamvu ndipo mphutsi imakula mwapang'onopang'ono kwambiri, moti ina inatenga zaka 51 isanatuluke. Choncho kanuko sikanachokere panja, kanali m'thabwa la windolo nyumba isanamangidwe, ndipo sikangaikire mazira m'thabwa louma lopanda khungwa.

Ndibwereze, chifukwa mumamva mbali imodzi yokha: kameneko n'kotuluka, si kolowa, ndipo tina tikadzatuluka tidzakhala ta nthawi yomweyo, osati ana ake. Kabowo kobulungira ngati dzira kamene mwakaonako ndi khomo lotulukira basi. Mukamate, mupakepo penti, ndipo machesi muwasiye m'kabati. Za kuluma zija, sikaluma.