Kodi makina a sikani ya amayi oyembekezera angajambulenso diso?

Funso: Achimwene, ndapeza makina a sikani akale kuno ku Johannesburg, aja ojambulira amayi oyembekezera. Ndikufuna kuwatumiza kwathu ku Mangochi kuti azithandizanso odwala maso. Zingatheke? Ndine wa ku Mayfair.

Yankho: Achimwene, ndalama zikhale kaye m'thumba. Bokosi ndi sikirini zisakukopeni, nkhani yagona pa probe, kachipangizo kaja amakagunditsa pathupi. Ya pamimba nthawi zambiri imakhala ya 3.5 MHz (MHz ndi muyeso wa kuthamanga kwa mafunde a phokoso amene probe imatumiza m'thupi; nambala ikakwera, tinthu ting'onoting'ono timaoneka bwino koma mafundewo salowa patali). Mafunde ake amalowa patali ndithu, koma tinthu ting'onoting'ono amangotilumpha. Tsono diso lonse, kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndi mamilimita pafupifupi 24 basi.

Madokotala a maso amagwiritsa ntchito sikani ya diso yotchedwa B-scan, ya 10 MHz. Ng'ala ikakhwima, kapena magazi akadzaza m'diso monga zimachitikira ena odwala shuga, tochi ya dokotala sidutsa, koma mafundewa amadutsa n'kuonetsa ngati retina, kachikopa kolandira kuwala kumbuyo kwa diso, yamatuka. Palinso UBM, sikani yoonera mbali yakutsogolo ya diso, yomwe Charles Pavlin ndi Stuart Foster anayambitsa ku Toronto cha m'ma 1990. Iyi imathamanga pa 35 mpaka 50 MHz, ndipo chithunzi chake mungachite nacho kaso: ngakhale kangodya kotulukira madzi a m'diso, kofunika pa matenda a glaucoma (pamene madziwo amapanikiza m'diso), kamaoneka bwinobwino. Koma kuipa kwake n'koti imangolowa mamilimita 4 kapena 5. Imafunanso madzi pakati pa probe ndi diso, ndipo kathovu kamodzi ka mpweya kamaononga chithunzi chonse.

Chomwe ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mphamvu. Pa sikirini pali nambala yolembedwa MI, yoonetsa mphamvu ya mafunde olowa m'thupi. Ku America malire ake pojambula ziwalo zina ndi 1.9, pomwe pa diso ndi 0.23 yokha. Choncho funsani wogulitsayo ngati makinawo ali ndi setingi ya diso komanso ngati amalandira probe yowongoka kutsogolo ya 10 MHz. Zikakhalapo, munthu wophunzitsidwa angathe kuona retina atapaka gel pachikope chotseka. Zikasowa, asiyireni amayi oyembekezera, kumenekonso agwira ntchito yotamandika.

Musachoke kwa wogulitsayo osayatsa makinawo. Mizere yakuda yotsika pachithunzi ndi chizindikiro choti tizigawo tina ta probe tinafa. Mtengo wa probe yatsopano, achimwene, umagwetsa mphwayi.