Musadikire tunnel ya pansi pa Thames, achemwali

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo yandikumbutsa zowawa. Mwapeza ntchito yosamalira okalamba ku Grays, inu mukukhala kutsidya lina la mtsinje ku Gravesend, kum'mawa kwa London, ndiye mukufunsa ngati mungopirira kaye osasamuka poti mwamva kuti akumba msewu pansi pa mtsinje wa Thames.

Ine mtsinje umenewu ndinauwoloka m'mawa ndi madzulo kwa zaka zitatu. Sindiiwala tsiku lina m'nyengo yozizira, kutawomba chimphepo mpaka anatseka mlatho wa pa Dartford. Zikatero magalimoto a mbali zonse amapanikizana m'ma tunnel awiri odutsa pansi pa mtsinje pomwepo. Ndinanyamuka kusanache chifukwa kunali agogo ena amene amadikira ine kuti ndiwadzutse, ndiwasambitse, ndiwamwetse mankhwala nthawi ya 7 koloko. Ndinafika 10 koloko ili pafupi. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, sokosi imodzi ili m'manja, akunjenjemera. Sanandikalipire. Anangondigwira dzanja. Ndinakalirira kukhitchini ketulo ili pamoto, ndipo usiku womwewo ndinawauza bambo a kunyumba kuti tiyambe kufuna nyumba kutsidya.

Pa Dartford povuta chifukwa ndi pokhapo pamene galimoto ingawolokere kum'mawa kwa London. Tunnel yoyamba inatsegulidwa mu 1963, yachiwiri mu 1980, mlatho mu 1991. Anapakonzera magalimoto 135,000 patsiku koma masiku ambiri amapitirira pamenepo. Ikabwera thanka ya mafuta, amaimitsa aliyense kuti aiperekeze. Thiraki imodzi ikangofera m'kati, misewu yonse ya ku Dartford ndi ku Thurrock, dera limene kuli Grays, imauma gwa!

Choncho tunnel yatsopanoyi, imene akuitcha Lower Thames Crossing, ndikuifuna ndi mtima wonse. Ndi ma tunnel awiri a makilomita 4.2, otalika kuposa ena onse a magalimoto mu Britain, ndipo msewu wonse wa makilomita 23 udzalumikiza misewu ikuluikulu ya A2 ndi M2 ku Kent, mbali ya Gravesend, ndi ya A13 ndi M25 ku Essex, mbali ya Grays. Koma taonani mmene yayendera. Nkhani inayamba mu 2009. Njira anasankha mu 2017. Pempho loyamba la chilolezo analibweza okha mu 2020, n'kudzaperekanso lina mu 2022 la masamba opitirira 350,000. Boma linavomereza mu Marichi 2025, ndipo kutsegula akuti ndi m'zaka zoyambirira za m'ma 2030. Mwana wobadwa chaka chimene anayamba kukambirana, chilolezo chinamupeza ali ndi zaka pafupifupi 16.

Sindikunena kuti mapepalawo ndi achabechabe. Kuli nkhalango zakale kufupi ndi Shorne, kuli madambo a mbalame m'mphepete mwa mtsinje, kuli anthu amene nyumba zawo zigwetsedwe. Amenewo ayenera kumvedwa. Ine ndikanakhala mmodzi wa iwo ndikanalemba kalata tsiku ndi tsiku.

Chimene chimandiwawa n'china. Pakati pa Gravesend ndi Tilbury, tauni yoyandikana ndi Grays, panali boti lowolotsa anthu, ulendo wa mphindi zosakwana 10. Ndinalikwerapo kangapo galimoto itafa, pamodzi ndi anyamata ogwira ntchito kudoko atanyamula njinga zawo. Mu Marichi 2024 linasiya kuyenda chifukwa ndalama zolithandizira zinasowa. Ganizani, achemwali: dziko likukonzekera kuwononga mapaundi pafupifupi 10 biliyoni pa msewu umene wapansi kapena wapanjinga sadzaloledwa kudutsamo, koma kaboti kothandiza wopanda galimoto kanalekeredwa. Ndinene mosabisa, msewuwu akuukumbira mathiraki ochokera kudoko la Dover. Mathirakiwo ndi ofunika, ndiwo amadzaza mashelefu m'masitolo. Koma amene amadzuka mdima kukasambitsa agogo a eni dziko, ambiri mwa ife obwera, sanatiwerengere. Bwenzi lero inu mukungotsika kugombe, kukwera boti, kenako basi kapena sitima mpaka ku Grays. Izi sizolungama ndipo sindidzasiya kunena.

Nanga inu mutani?

Tunnel iichotseni m'maganizo posankha. Ngati mulibe galimoto, samukirani ku Grays kapena ku Tilbury lendi yanu ikangotha. Ngati ana ali pasukulu ndipo simungasamuke chaka chino, pemphani mashifiti oti muziwoloka pa Dartford 6 koloko m'mawa isanakwane kapena 10 koloko usiku itadutsa, pakuti nthawi imeneyo salipiritsa ndipo msewu umakhala wopepuka. Masana galimoto yaing'ono ndi £3.50 ulendo umodzi kuyambira Seputembala 2025. Palibe pokulipiritsani pamsewu, mumalipira ndalama yowolokerayi, yotchedwa Dart Charge, pa intaneti pasanafike pakati pa usiku wa tsiku lotsatira, apo ayi chindapusa chikupezani pakhomo. Tsegulani akaunti yolipiriratu. Okhala ku Thurrock ndi ku Dartford amawachotsera mtengo, a ku Gravesend ayi. Ndipo musanasaine ntchito, afunseni mabwana anu kuti amatani tsiku limene mlatho watsekedwa, ndani amapita kwa agogo inu mukadali pamzere.