Mukafika kumudzi, yambani mwapepesa maliro

Kalata yandifika kuchokera kwa banja lina lachinyamata lomwe likukhala ku Johannesburg. Mwamunayo kwawo ndi kufupi ndi Ulongwe ku Angónia, mkazi wake ndi wa ku Furancungo, konseko ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ana awo awiri anabadwira ku Johannesburg, kumudzi sanapondeko. Akufuna kubwera pa Khrisimasi. Akufunsa kuti ayambire kuti, kuchimuna kapena kuchikazi, katundu amene agula agawe bwanji kuti pasakhale wodandaula, komanso ngati n'kulakwa kugona kunyumba yolipira m'tauni n'kumapita kumudzi masana okha, poti ana sanazolowere. Kumapeto kwenikweni mwamunayo walemba kuti amalume ake anamwalira chaka chatha, iye sanathe kubwera, koma anatumiza ndalama pafoni.

Adzukulu anga, nkhani mwaiika kumapetoyo ndiyo ikhale yoyamba. Ndalama munatumizazo zinagwira ntchito, zinagula bokosi ndi ufa wa pamaliro, ndipo munachita bwino. Koma kumudzi maliro amenewo kwa inu sanathe. Anthu sanakuoneni mutakhala pansi pakhomo pa malemu, sanamve mawu anu. Mukafika ndi galimoto lodzaza n'kuyamba kugawa nsapato ndi mafoni musanapepese, adzalandira ndithu, adzathokozanso, koma usiku m'nyumba zawo adzanena kuti mwana wa uje wabwera kudzaonetsa chuma pamene amalume ake ali kumanda. Choncho funso loti muyambire kuti ladziyankha lokha. Kumene kunagwa maliro ndiko muyambire. Adziwitseni a ku Furancungo msanga, musananyamuke, kuti mudzayamba mwapita kukapepesa. Palibe kholo la Chichewa limene lingakwiye ndi zimenezo. Chimene chingawapweteke n'kumva kwa anthu kuti mwana wawo ali ku Ulongwe sabata yonse iwo osadziwa.

Ulendo wanu ndi wautali, ndikudziwa. Kuchoka ku Beitbridge, kudutsa Harare, kulowa pa Nyamapanda ndi Cuchamano, kutsika ku Changara mpaka kutentha kwa Tete, kuwoloka Zambezi, kudutsa Moatize, kenako kukhota pa Mussacama kukwera kumapiri a kwathu. Mudzafika thupi lonse likuphwanya, ana akulira. Komabe musalowe m'nyumba kukagona musanachite malonje.

Ana a pamudzi adzathamanga kudzalandira katundu, apatseni, musakanize zikwama ngati muli pasiteji ya basi. Adzakuyalirani mphasa kapena kukupatsani mpando. Khalani. Anthu adzabwera mmodzimmodzi kudzapereka moni, ena simudzawakumbuka, ena anali makanda pamene munkachoka. Aliyense muyankheni ngati ndi iye yekha wabwera. Moni akatha, wamkulu adzafunsa kuti mwayenda bwanji ndipo kumene mwachokako mwawasiya bwanji. Apa musayankhe mawu awiri okha. Fotokozani mmene munanyamukira, pamene munagona, pamene munachedwa, za ntchito, za ana, za abale ena amene mumaonana nawo kumeneko, chifukwa pagulupo pali mayi amene mwana wake ali ku Johannesburg komweko ndipo sakuimba foni. Mukatha, iwo adzakuuzani zawo: amene anamwalira, amene anabadwa, mmene mvula yayambira, mbuzi zimene zinafa, mlandu wa malire a munda. Foni ikhale m'thumba. Nkhani zimenezi ndi zimene zidzakuuzeni makomo oyenera kupitako mawa.

Kukacha, amayi anu kapena wamkulu wina wa pabanja akutsogolereni kunyumba ya malemu. Musapite nokha, ndipo mkazi wanu apite nawo atamanga nsalu yake ya kapulana ndi duku kumutu. Mukafika musadabwe amayi akayambanso kulira ngati maliro achitika dzulo. Akulira chifukwa aona munthu amene malemu ankamutchula. Asiyeni alire, inu khalani chete mutazolika. Kenako wokutsogolerani adzanena kuti mwana uja wabwera kudzapepesa, ndipo inu mudzanene mawu anu ochepa: pepani, tinamva tili kutali, sitinathe kufika. Musayambe kufotokoza za abwana anu ndi mavuto a mapepala, sanakufunseni. Iwo adzakulongosolerani matenda kuyambira tsiku limene malemu anayamba kudandaula mutu, kuchipatala kumene anapita, mawu amene anasiya, mpaka tsiku loika. Mwina zonsezi munazimva kale pafoni. Mvetseraninso mpaka kumapeto. Chipepeso chanu mupereke kudzera mwa wamkulu munabwera nayeyo, osati kutulutsa chikwama n'kumawerenga ndalama pamaso pa namfedwa.

Mukafuna kuona pamene anagona amalume anu, musangolowera kumanda nokha. M'midzi yambiri ya Achewa kumanda salowako popanda kudziwitsa mfumu, ndipo malo ena ndi komwe kuli dambwe. Nenani kwa akuluakulu, iwo akapempha kwa amfumu n'kukuperekezani. Ndipo amfumuwo mukawaonekere ndithu, ngakhale ndi kapaketi ka shuga. Munthu wakhala kunja zaka zambiri salowa m'mudzi n'kutulukamo mwini mudzi osamuona.

Pali china chimene mwina simunachiganizire, mdzukulu wanga. Kwa ife Achewa amalume ndiwo mwini mbumba. Ndiwo ankaweruza nkhani za alongo anu, za maukwati, za minda. Iwo atapita, maso a mbumba ayamba kuyang'ana kwa ana aamuna a alongo awo, ndipo inu ndinu mmodzi mwa iwo. Musadabwe akakuitanani kuseri kukakuuzani za chiliza chimene sichinamangidwe, kapena za mlongo wanu amene banja lake likugwedezeka. Simungathe zonse muli kutali, ndipo musavomere udindo umene simungausenze. Koma mverani, funsani amene akuyang'anira zinthu pakali pano, mugwirizane naye poyera zimene inu muzithandiza. Mabanja ena a ku Angónia amatsata mwambo wa Chingoni, kumene ana amawerengedwa kwa bambo, ndiye funsani amayi anu mmene zilili pabanja panu musanayankhe kanthu.

Tsopano za katundu. Musamasule zikwama pabwalo. Mphatso yogawidwa pagulu imabala kaduka, chifukwa aliyense amayang'ana za mnzake asanayang'ane zake. Dikirani usiku, mulowe m'nyumba ndi amayi anu, muwaonetse zonse. Iwo akudziwa amene akudwala, amene ali ndi ana amasiye, amene anakumba manda a amalume anu, amene anakusungirani mbuzi. Mudzapeza kuti malaya munagulira msuweni wanu wokonda kukuimbirani foni akuyenera kupita kwa munthu amene simunamuganizire n'komwe. Kuchikazi muchitenso chimodzimodzi, ndipo zakumeneko muzipatule musanafike ku Ulongwe, chifukwa mukapanda kutero zidzathera komweko, mkazi wanu n'kukafika kwawo chimanjamanja.

Kumbukiraninso mwezi umene mukubwera. Disembala kwathu si nthawi ya zokolola. Chimanga chili m'munda chikupaliridwa, m'nkhokwe zambiri mwatsala pang'ono, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi imene njala imaluma. Inu anthu anayi mukakhala milungu iwiri mukudya za amayi anu, mudzawasiyira dzenje, ndipo iwo sadzanena. Adzakupherani nkhuku, mwina yokhayo imene anali nayo, adzakuikirani nthutumba m'mbale yanu. Idyani, musakane, kukana nkhuku ya mlendo n'kunyoza. Koma tsiku lotsatira pitani ku Ulongwe mukagule thumba la chimanga kapena ufa, mafuta ophikira, shuga, mchere, sopo. Ngati muli ndi mphamvu, funsani za feteleza wobereketsa, poti nthawi yake ndi yomweyo. Thumba limodzi la feteleza lidzakumbukika mwezi wa Meyi pokolola, pamene zidole za ana zidzakhala zitathyoka kale. Ndalama musinthiretu zikhale metikali, musavutitse nkhalamba ndi marandi oti ikasinthitse kwa anyamata apamsika.

Ndipo chonde musalonjeze. Pa Khrisimasi, mtima uli m'malo, pakamwa pamapepuka: ndidzakutumizira njinga, ndidzakulipirira sukulu, ndidzakutenga ukagwire ntchito. Inu mukangowoloka Zambezi mwaiwala, koma mnyamata munamuuzayo wasiya kulima, akudikira. Chimene simungathe nenani kuti simungathe. Auzeninso zoona za moyo wa kumeneko, za lendi, za kugwira ntchito usiku, za mantha amene alendo amakhala nawo zipolowe zikabuka. Achinyamata ambiri a kwathu anyamuka opanda mapepala chifukwa choona obwera pa Khrisimasi atavala bwino.

Zogona m'tauni ndinene mosabisa: masiku oyamba gonani kumudzi. Mayi amene wazira nyumba, wachapa zofunda, wabwereka matiresi kwa aneba, ndiye dzuwa likamalowa inu n'kumakweza ana m'galimoto, mwamuuza pamaso pa mudzi wonse kuti nyumba yake si yoyenera zidzukulu zake. Nkhani zenizeni za pabanja zimakambidwa usiku, alendo ena atabalalika. Ngati pambuyo pake mwana wadwala kapena malo achepa, mukhoza kusamuka mutafotokoza bwino, palibe adzakuimbeni mlandu.

Koma nkhawa yanu ya ana si yopanda pake, ndipo pano ndilankhule ngati gogo amene waika zidzukulu m'manda. Nyengo ya mvula ndi nyengo ya malungo, ndipo ana okulira ku Johannesburg matupi awo sawadziwa matendawa. Inunso amene mwakhalitsa kunja mphamvu yolimbana nawo inachepa. Musananyamuke pitani kwa dokotala akupatseni mankhwala oteteza, tengani maneti okwanira aliyense, ndipo pochoka muwasiye komweko. Madzi akumwa a ana muziwiritsa, ndipo auzeni amayi anu mwaulemu kuti mimba za anawa sizinazolowere, adzamvetsa. Tengani majuzi, chifukwa mwana wopsa ndi dzuwa la ku Tete masana akhoza kunjenjemera usiku womwewo ku Angónia mvula ikagwa.

Anawo Chichewa sadziwa, mwatero. Yambani lero, masiku alipo. Adziwe kunena kuti muli bwanji agogo, ndili bwino kaya inu, zikomo, odi. Adziwe kulandira chinthu ndi manja awiri, kukhala pansi polankhula ndi wamkulu, kudikira akulu asambe m'manja, kusaitana munthu wamkulu ndi dzina lake. Zimenezi zokha zidzasungunula mitima. Zotsalazo adzaphunzira kwa asuweni awo, bola muwamasule apite kukathyola mango ndi kukaona mbuzi, osati kukhala m'galimoto ndi foni tsiku lonse. Wina akawaseka kuti ndi azungu, musakwiye, ndipo musalole kuti anawo achite manyazi. Mudzi wathu unawaonapo ana otere. Nthawi ya nkhondo ambiri a ife tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo mtendere utabwera mu 1992 tinabwerera ndi ana obadwira kuchilendo, osadziwa munda wa agogo awo, ena ataphunzira Chingerezi kusukulu pamene kuno kumafunika Chipwitikizi. Anazolowera, lero ndiwo eni midzi.

Muwachenjeze chinthu chimodzi. Akakumana ndi gule panjira apatuke, asaloze, asatulutse foni kujambula, asafunse kuti m'katimo muli ndani. Kaya banja lanu ndi la mpingo ndipo za gule simuchita nawo, ulemu umenewu ndi wa aliyense woyenda m'mudzi wa Achewa. Inunso akuluakulu, musajambule nkhalamba itavala zakumunda, kapena nyumba yofoleredwa ndi udzu yodontha, n'kuika pa Facebook kuti anzanu aone kumene munachokera. Mufuna chithunzi cha agogo, auzeni, asambe, avale nsalu yawo yabwino, akhale pamene iwo afuna.

Ku Furancungo mukapite ndi masiku okwanira, osati kungokagona usiku umodzi pobwerera. Misewu yafumbi imavuta mvula ikagwa, choncho musasiye ulendowu mpaka kumapeto. Kumeneko inu bambo ndinu mkamwini, ngakhale mutabwera ndi galimoto lotani. Apongozi anu muwapatse ulemu wawo, musawalowere m'nyumba mwachisawawa, musakhale pampando tsiku lonse kudikira nsima. M'mawa tengani khasu mutsatire alamu anu kumunda, ngakhale mupalire mizere iwiri yokha matuza n'kutuluka. Ndipo mpatseni mkazi wanu mpata akhale ndi amayi ake ndi abale ake popanda inu kumuitana mphindi iliyonse. Iyenso ali ndi maliro ake oti apepese, ndipo inu mumuperekeze monga anakuperekezerani.

Potsanzika musadzidzimutse anthu. Nenani kukadali tsiku limodzi kapena awiri, muyende makomo a akuluakulu, mudutsenso kwa amfumu ndi kunyumba ya malemu. Adzakupatsani kamba wa panjira, nyemba, mtedza, mbatata ya kachewere, ufa woyera umene amayi anu akonola ndi kuviika okha. Landirani ndi manja awiri. Ngati zina simungadutse nazo pachipata, mudzagawire abale a ku Moatize kapena ku Tete, koma musazikane pamaso pa wopereka. Mukafika imbani foni tsiku lomwelo kumakomo onse awiri. Ndipo mwana kapena wamkulu akatentha thupi m'milungu yotsatira, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, mukamuuze dokotala kuti munali ku Tete, amuyeze malungo.