Kodi kuchipatala amafotokoza mosiyana malinga ndi mtundu wa munthu?

Mayi wina wa kufupi ndi Domasi wanditumizira funso pa imelo. Akuti adaperekeza mayi ake kuchipatala china muno mu Zomba, komwe adawapeza ndi shuga. Mayi akewo adatuluka m'chipinda cha dokotala ndi buku lolembedwa mankhwala, koma osadziwa kuti mapiritsiwo amwa mpaka liti, adye chiyani, asiye chiyani. Bambo amene adalowa pambuyo pawo adakhalitsa m'katimo, mpaka kuseka kumamveka panja. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi n'chifukwa choti ndife Ayao? Achewa ndi Alomwe amawafotokozera bwino kuposa ife?"

Achemwali, kusiyana mwakuonako kulipo ndithu. Koma ine ndikuona kuti chimene chikusiyanitsa anthu pamzere uja makamaka ndi chiyankhulo ndi sukulu, ndipo mtundu umangolowamo chifukwa umayendera limodzi ndi ziwirizi.

Taonani Alomwe. Kalembera wa 2018 adapeza kuti ndi pafupifupi 19 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, pomwe Ayao ndi 13. Komatu Alomwe ambiri a ku Jali, Mayaka ndi Thondwe amayankhula Chichewa kuyambira kunyumba, moti akalowa kwa namwino palibe chowatchinga. Ayao chiyankhulo chawo adachigwira zolimba. M'midzi ya cha ku Malosa ndi Domasi mukapeza agogo amene Chichewa chawo n'chogulira mchere pa Songani basi, osati chofotokozera mmene dzanzi limayambira kuphazi usiku. Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndipo kuyambira pamenepo boma limangoganiza kuti aliyense amachimva bwinobwino.

Mbali ya ogwira ntchito nayo ili ndi zake. Anamwino ndi madokotala athu, kaya adaphunzira ku Malawi College of Health Sciences pompano pa Zomba kaya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, maphunziro onse amakhala m'Chingerezi. Akamaliza, boma limawatumiza kulikonse. Mtsikana wa ku Rumphi amene adakula ndi Chitumbuka amapezeka ali pa chipatala chaching'ono kufupi ndi nyanja ya Chilwa, akuganiza m'Chingerezi, kuyankhula Chichewa, pomwe gogo ali patsogolo pake akumvetsera m'Chiyao. M'buku namo amalembamo m'Chingerezi, ndi zidule zawo zija za bd ndi tds, kutanthauza kawiri kapena katatu pa tsiku. Wodwala akafika kunyumba sangadzikumbutse yekha.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ulemu wathuwu. Mayi wachikulire akakhala pamaso pa dokotala amakhazika manja pamiyendo, maso pansi, n'kumangoti "eya, eya, zikomo adokotala". Dokotala, amene panja pakumudikira anthu odzaza mabenchi onse, amatenga "eya" ameneyo ngati chizindikiro choti zamveka, n'kuitana wotsatira. Bambo uja adakhalitsa mwina chifukwa ankafunsa mafunso, ndipo wofunsa mafunso amakhala munthu amene adapitako kusukulu, saopa yunifolomu, amadziwa kuti kufunsa sikulalata. Koma madokotala ndi anamwino sindikuwayeretsa onse ayi. Alipo ena amene akaona chitenje chakutha ndi mapazi afumbi amafupikitsa mawu, akamva Chingerezi amakhala tsonga. Limenelo ndi tsankho, ngakhale sakufunsa kuti ndinu mtundu wanji, ndipo limagwera kwambiri amayi a kumudzi amene sukulu adaisiyira panjira.

Pa mayi anu pali nkhani ina imene imakhudzadi Ayao ambiri, ndiyo Ramadani. Ngati ndi Msilamu ndipo amasala kudya, zimenezi dokotala ayenera kuzidziwa. Mapiritsi ena a shuga, monga glibenclamide, amatha kutsitsa shuga mopitirira munthu akamwa koma osadya tsiku lonse: amayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire, mwina kukomoka kumene. Dokotala amene sadakulire pakati pa Asilamu sangakumbuke kufunsa, ndipo wodwala amaona ngati za kumzikiti sizikambidwa kuchipatala. Yambitsani inuyo nkhaniyi mwezi usanaoneke, kuti akuuzeni ngati mayi angasale ndi mmene angasinthire nthawi yomwera mankhwala. Ashehe nawo adzakuuzani kuti wodwala amaloledwa kusasala.

Ngakhale mankhwala ozolowereka a malungo ngati LA amasokonekera chonchi. Munthu wamkulu amayenera kumwa mapiritsi 4 kawiri pa tsiku kwa masiku 3, atadyako chakudya cha mafuta monga phala la nsinjiro. Ambiri thupi likangozizira amasiya, otsalawo n'kusungira mwana. Izi zimachitika kwa Mchewa, Mlomwe ndi Myao yemwe, malinga ngati pazenera la mankhwala pangomveka "m'mawa ndi madzulo" basi.

Ulendo wotsatira musadikire pabenchi panja. Pemphani kulowa nawo ngati gadiyani, ndipo nenani poyambirira penipeni kuti mayi amamva bwino Chiyao. M'zipatala za kuno kawirikawiri pamapezeka namwino, mlangizi wa zaumoyo kapena wogwira ntchito wina woyankhula Chiyao, koma sangamuitane ngati simunanene. Mukamamasulira nokha, musafewetse mawu poopa kuwadandaulitsa. Ana ambiri amabisa zoti shuga ndi matenda okhala nawo moyo wonse, makolo n'kumaganiza kuti akamaliza mapiritsi a mwezi uno achira. Pa matenda a amayi, mwana wamwamuna kapena mkamwini asakhale womasulira, chifukwa mayi sanganene zonse.

Dokotala akamaliza, bwerezani zimene mwamva iye akumvetsera: "Ndiye mwati piritsi limodzi m'mawa akamadya, lina madzulo, tibwerenso tsiku lakuti?" Ngati mwaphonya akukonzani pomwepo. Pazenera la mankhwala funsaninso kachiwiri, ndipo pa kapepala ka mankhwala lembani m'chiyankhulo chanu, kapena jambulani dzuwa ndi mwezi ngati mayi sawerenga. Funso likabwera muli kale kunyumba, imbani ku Chipatala cha pa Foni pa 54747, kwaulere pa Airtel.

Koma ngati wina adawanyoza chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena Chichewa chawo, musangodandaulira m'minibasi pobwerera. M'zipatala za boma mudaikidwa ombudsman wachipatala wolandira madandaulo a odwala. Funsani pa ofesi kuti akusonyezeni. Nkhani ikakula, madokotala amayang'aniridwa ndi Medical Council of Malawi, anamwino ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. Lembani tsiku, nthawi ndi chipinda chimene mudalowa, ndipo mutenge buku la mayi anu.