Munda wogawa pawiri si kafukufuku

"Aphungu, ndili chaka chachinayi pa koleji ya zaulimi ndipo proposal yanga yabwezedwa kachiwiri. Ndimafuna kuonetsa kuti feteleza wa Mbeya, wosakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza wogula pang'ono, amaposa wa m'sitolo pa chimanga. Bambo anandipatsa munda wathu kumudzi kuti theka la kumtunda ndithire Mbeya, theka la kumunsi ndithire wogula, ndikakolola ndiyerekeze. Supervisor walemba ndi inki yofiira kuti palibe control, palibe replication, ndipo ma variable anga sakumveka. Bambo akuti aphunzitsi akungondizunza, ndalama za fizi zawathera, ndipo akudziwa munthu wina amene amalembera ana a sukulu ma project. Anzanga akuti ndingosiya za munda ndipange questionnaire. Mvula yayandikira, usiku sindikugona. Ndichite chiyani?"

Mwana wanga, makalata onga akowa amandifika chaka chilichonse mitambo ikayamba kusonkhana, ndipo pafupifupi onse amayamba ndi mawu omwewo: "ndimafuna kuonetsa kuti". Vuto lako lagona pomwepo. Wadziwa kale yankho, ndipo munda ukungoufuna kuti ukuvomereze. Supervisor wako sakukuzunza. Wachita bwino kukubwezera pepalalo mbewu isanalowe m'nthaka, chifukwa kafukufuku wa mtundu uwu akalakwika pa tsiku lodzala, palibe kompyuta imene ingamukonze pa nthawi yokolola.

Tiye tipite m'munda wa bambo akowo. Theka la kumtunda ndi la kumunsi n'zofanana? Minda yathu yambiri ili pa malo otsetsereka. Kumtunda madzi amathamanga n'kukokolola nthaka, kumunsi nthakayo imakaunjikana ndipo chinyezi chimakhalitsa. Mwina kumtunda kuli chulu, ndipo mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga cha pachulu chimabiriwira ngakhale osachithira kanthu. Mwina kumunsi kuli kaufiti, kapena madzi amadikha mu Januwale. Mbali ya Mbeya ikakolola matumba ambiri, udzanena kuti chachititsa ndi Mbeya kapena chulu? Sudzatha kusiyanitsa, ndipo palibe amene angathe. Feteleza ndi malo zayendera limodzi. Ichi ndicho aphunzitsi ako amachitcha confounding, ndipo chimapha ma project ambiri a chaka chomaliza kuposa masamu amene mumawaopa aja.

Za ma variable musamazichititse mantha. Chimene iwe ukusintha ndi manja ako, ndicho independent variable: apa ndi mtundu wa feteleza. Chimene ukuyeza kuti uone ngati chasuntha, ndicho dependent variable: zokolola, mu makilogalamu pa hekitala. Zina zonse zimene zingathe kusuntha zokolola, monga mbewu, tsiku lodzala, kutalikirana kwa mapando, kupalira, kubandira, mankhwala a mbozi, uyenera kuzigwira kuti zikhale chimodzimodzi paliponse. Ndi zokhazi. Koma ndikuganiza kuti pa proposal pako unalemba kuti udzayeza "kakulidwe ka chimanga". Kakulidwe n'chiyani? Kutalika kwa phesi? Uyezera pati, pa nthaka kapena pamwamba pa mzere, ndipo sabata yachingati? Kulemera kwa chimanga? Chotonola kapena chosatonola, chouma motani? Chimanga chongokolola kumene chimalemera ndi madzi, n'chifukwa chake ofufuza amayeza chinyezi n'kuwerengera zokolola zonse pa mlingo umodzi, kawirikawiri 12.5 peresenti. Variable imene sunganene kuti udzaiyeza ndi chipangizo chanji, liti, mu mlingo wanji, sinakhale variable.

Mbeya nayenso ndi wofunika kumufotokoza. Alimi amasakaniza ndowe kapena zitosi, madeya, phulusa, madzi ndi feteleza wogula pang'ono, n'kusunga m'thumba masabata angapo. Koma kasakanizidwe kamasiyana mudzi ndi mudzi, ndipo zitosi za nkhuku sizifanana mphamvu ndi ndowe za ng'ombe. Lemba mlingo wa chilichonse chimene wasakaniza, kuti wina wa ku Mzimba akawerenga akathe kupanga chomwecho. Ndipo taganizira bwino apa, chifukwa ndi pamene pali project yeniyeni: m'kati mwa Mbeya muli kale feteleza wogula. Chimanga chikachita bwino, wagwira ntchito ndi kafeteleza kochepako, kapena ndowe ndi madeya zawonjezerapo kanthu? Funso limeneli ndi lokoma kuposa limene unabwera nalo, ndipo mlimi amene amataya masiku akusakaniza zinthuzi ayenera kudziwa yankho lake.

Choncho ine ndikanakhala iwe ndikanaika ma treatment anayi, kutanthauza njira zinayi zimene udzaziyerekeze. Loyamba, osathira chilichonse, ndiyo control imene supervisor akufuna, kuti tidziwe chimene nthakayo imabereka payokha. Lachiwiri, feteleza wogula pa mlingo umene alangizi amalimbikitsa kudera kwanuko, wokulitsa ndi wobereketsa yemwe. Lachitatu, Mbeya. Lachinayi, feteleza wogula yekha koma wochepa, wofanana ndendende ndi amene ali m'kati mwa Mbeya uja. Kuyerekeza lachitatu ndi lachinayi n'kumene kudzakuuze ngati ndowe ndi madeya zili ndi phindu.

Tsopano munda uja usaugawe pawiri. Udule m'magawo anayi mopingasa chitsetse, kutsata m'mene akalozera amayendera, kuti gawo lililonse likhale ndi nthaka yofananako m'kati mwake: lina kumtunda, awiri pakati, lina kumunsi. Amenewa ndiwo ma block. M'block iliyonse muike ma plot anayi, treatment iliyonse ipezekemo kamodzi. Onse pamodzi ndi ma plot 16. Mizere isanu yotalikirana masentimita 75, yotalika mamita asanu, plot imodzi siifika ndi masikweya mita 20 omwe, ndipo onse 16 akukwana pa malo a masikweya mita 300, n'kuwonjezerapo malo pang'ono a tinjira. Pokolola utenge mizere itatu ya pakati yokha, n'kusiyanso mapando a kumapeto, chifukwa chimanga cha m'mphepete chimaba chakudya cha plot yoyandikana nayo ndiponso chimalandira dzuwa lambiri. Chulu chija chizembe, chisalowe m'plot iliyonse.

Nanga treatment iti ipite pa plot iti? Usasankhe ndiwe. Umamukonda kale Mbeya, ndipo diso lako lidzamupatsa malo okongola iwe osazindikira n'komwe. Lemba ma treatment anayiwo pa timapepala, pinda, ponya m'chipewa, mwana wa pakhomo atole. Block yachiwiri uyambirenso maerewo, osakopera ya poyamba. Ukhozanso kugwiritsa ntchito RAND mu Excel, n'chimodzimodzi. Jambula mapu a mundawo m'kope tsiku lomwelo, chifukwa zikwangwani za m'munda zimadyedwa ndi chiswe ndipo mbuzi zimazigwetsa. Dongosolo lonseli dzina lake ndi randomised complete block design, ndipo sindikukayika kuti lili m'manotsi ako a chaka chachiwiri kapena chachitatu. Munalemba mayeso, munakhoza, kenako munaiwala. Izi n'zimene zimanditopetsa ndi inu ophunzira: statistics mumaitenga ngati phunziro longodutsamo, kufikira tsiku limene yakugwirani pakhosi.

Maganizo amenewa anabadwira m'munda momwemo. Ku Rothamsted, ku England, anthu akhala akuyesa feteleza pa tirigu m'munda wotchedwa Broadbalk kuyambira 1843. Katswiri wa statistics Ronald Fisher atayamba ntchito kumeneko mu 1919 anapeza manambala a zaka zambirimbiri, koma kusiyanitsa mphamvu ya feteleza ndi kusiyana kwa nthaka ndi nyengo kunali kovuta. M'zaka za m'ma 1920 ndi pamene anakhazikitsa mfundo zitatu zimene supervisor wako akukufunsa lero: kubwereza treatment iliyonse kangapo, kugawa ndi maere, ndi kuika ma plot m'ma block. Ofufuza a ku Chitedze, ku Bvumbwe ndi ku Makoka amayenda m'njira yomweyi akamayesa mbewu.

Pa kubwerezako pali msampha umene umakola ana ambiri. Wina amakhala ndi plot imodzi ya Mbeya, n'kuyezamo mapesi 50, ndiye n'kulemba kuti ali ndi ma replicate 50. Ayi. Mapesi onsewo adyera pa nthaka imodzi, amwa madzi amodzi. Feteleza unathira pa plot, choncho chimene ukuwerenga ndi plot. Mapesi 50 aja amangokupatsa avereji imodzi ya plot imeneyo. Ukawalowetsa onse mu pulogalamu ya pakompyuta yowerengera manambala, monga SPSS kapena GenStat, ngati ma replicate, masamu oyerekezera ma treatment otchedwa ANOVA adzakutulutsira p-value (nambala yothandiza kuona ngati kusiyanako sikunangochitika mwamwayi) yokongola kwambiri, ndipo idzakhala yabodza.

Questionnaire imene anzako akukukokera siyoipa payokha, ndipo pali mafunso amene amayankhidwa ndi iyo yokha: ndi alimi angati akupanga Mbeya, amamusiya chifukwa chiyani, amawatengera nthawi yochuluka bwanji. Koma funso lako ndi lakuti kodi Mbeya amachulukitsa zokolola. Ukafunsa alimi 100, n'kupeza kuti opanga Mbeya amakolola zambiri, wapeza chiyani? Wopanga Mbeya nthawi zambiri ndi amene ali ndi khola la mbuzi, amene amakhala pa misonkhano ya alangizi, amene amadzala ndi mvula yoyamba n'kupalira msanga. Munthu wotere akanakolola zambiri ngakhale popanda Mbeya. Chulu chija chakutsatira, changovala malaya a munthu. Ndipo tisanamizane, anzakowo sakusankha questionnaire chifukwa ikugwirizana ndi mafunso awo. Akuthawa khasu. Ena amakhala pansi pa mtengo n'kudzaza okha mapepala onse, ndipo aphunzitsi amene awerenga ma project zaka zambiri amazindikira mwamsanga.

Usaganizenso kuti maere ndi a za ulimi zokha. Ku Zomba, mu 2008 ndi 2009, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anafufuza za ndalama zopatsa atsikana ndi makolo awo. Madera 176 anagawidwa ndi maere: kwina sankalandira kanthu, kwina ankalandira pokhapokha mtsikana akupita ku sukulu, kwina ankalandira popanda lamulo lililonse. Anapeza kuti ndalama za lamulo zinkasunga atsikana ambiri pa sukulu, koma zopanda lamulo ndizo zinachepetsa kwambiri maukwati ndi mimba za ana, makamaka pakati pa amene anali atasiya sukulu. Yankho lokhota chonchi palibe akanalilosera atakhala mu ofesi, ndipo dziko linalikhulupirira chifukwa madera sanasankhidwe ndi dzanja la munthu. Mabungwe amene amalemba achinyamata ntchito ya research assistant kapena ya M&E (yolondoloza ndi kuunika m'mene ntchito za bungwe zikuyendera) amafuna munthu womvetsa zimenezi, osati wodziwa kudina batani la SPSS kokha.

Tsopano kwa inu bambo, poti ndikukhulupirira kuti mwana wanuyu akuwerengerani. Mwavutika zaka zinayi, mwagulitsa mbewu ndi ziweto, ndipo kutopa kwanu n'komveka. Koma munthu wolembera ma project uja musamutchulenso. Mwanayu adzaima yekha pamaso pa aphunzitsi, adzafunsidwa kuti ma block ake anawaika chifukwa chiyani chonchi, ndipo amene munamulipira uja sadzakhalapo. Akagwidwa, sukulu imatha kumuchotsa, fizi yonse ya zaka zinayi n'kupita m'madzi. Akapanda kugwidwa, mwagula pepala la munthu amene sadziwa ntchito yake. Musamuuzenso kuti aphunzitsi akumuzunza, chifukwa mukumuphunzitsa kudana ndi munthu yekhayo amene akumuthandiza. Mukafuna kumuthandiza, thandizo lake ndi ili: mupatseni kachigawo ka munda aike zikhomo zake. Ma plot anayi amene sadzathira feteleza adzachita chikasu, ndipo mtima wanu wa ulimi udzakuwawani mukamadutsa. Musathiremo kanthu mwamseri, ngakhale kachibakera kamodzi ka urea. Musalole aganyu apalire mbali imodzi lero, ina sabata ya mawa. Musalole ana athyolemo chimanga chachiwisi. Chimanga chimene mutaye pa ma plot anayi amenewo n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi chaka china cha fizi.

Iwenso mwana wanga, tsitsa chiyembekezo chako. Munda umodzi, nyengo imodzi ya mvula, sudzatsimikizira dziko kuti Mbeya ndi wabwino kapena woipa. Kukagwa ng'amba mu Februwale, zotsatira zako zidzakhala za chaka cha ng'amba basi. N'chifukwa chake mbewu kapena feteleza asanamuvomereze kuti alangizi azifalitsa, amayesedwa m'madera angapo kwa zaka zingapo. Iwe udzangonena zimene zinachitika pa nthaka ija, ndi mbewu ija, chaka chimenecho. N'kuthekanso kuti ANOVA idzaonetsa kuti Mbeya ndi kafeteleza kochepa kaja sizikusiyana mokwanira. Ukadzapeza zimenezo usadzakhudze manambala. Udzalembe momwemo, ufotokoze kuti ma block anayi satha kugwira kusiyana kwakung'ono, ndipo mphunzitsi wanzeru adzakupatsa malikisi abwino kuposa a mnzako amene zonse zinatuluka monga ankafunira.

Nthawi ikadalipo, koma yochepa. Mbeya amafuna masabata ake m'thumba asanathiridwe, ndiye ndowe ndi madeya uyambe kusonkhanitsa sabata ino. Tenga dothi la m'block iliyonse ukayezetse ku labu ya pa sukulu panu mbewu isanalowe. Funso lako ulilembenso m'chiganizo chimodzi chopanda mawu akuti "kuonetsa kuti". Jambula ma plot 16 aja pa pepala, ulembe pambali chimene udzayeze, tsiku lake ndi chipangizo chake, ndipo Lolemba upite nalo pepalalo kwa supervisor m'malo momutumizira uthenga pa WhatsApp. Mwana amene wasowa tulo chifukwa cha proposal, mmalo mongovomera za munthu wolembera uja, ndikuona kuti ntchitoyi aitha. Umufunsenso supervisor ngati sukulu ili ndi malo oyeserapo mbewu pafupi, chifukwa munda wa kumudzi udzafuna kuti uzipitako pafupipafupi kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo ndalama ya minibasi uyenera kuiwerengera panopa.