Aphunzitsi akupita ku Japan: zinyalala akazitaya kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Dedza amene akupita ku Japan kukachita maphunziro a milungu isanu ndi umodzi. Analemba motere: "Mnzanga amene anapitako akuti m'misewu ya kumeneko mulibe mabini koma mulibenso zinyalala. Akuti ukasiyira woperekera zakudya kangachepe amakuthamangira kudzakubwezera, ndiponso akuti nkhani ya nsapato inamuchititsa manyazi. Kodi akukokomeza? Ndikonzekere bwanji kuti ndisakayaluke?"

Aphunzitsi, mnzanuyo sakunama ayi. Tiyambe ndi zinyalalazo, poti ndi zimene zidzakusautseni tsiku loyamba lomwe.

Pa 20 Malichi 1995, gulu lachipembedzo la Aum Shinrikyo linatulutsa mpweya wapoizoni wa sarin m'sitima zoyenda pansi pa nthaka mu Tokyo. Anthu oposa khumi anafa, ena masauzande anavulala. Chichitikireni zimenezo, mabini ambiri anachotsedwa m'masiteshoni ndi m'malo odzaza anthu poopa kuti wina angabisemo zoopsa, ndipo ambiri sanabwezeretsedwenso. Koma musaganize kuti ukhondowo unabwera ndi mantha okha. Chikhala kwathu kuno, kuchotsa mabini kukanangotanthauza kuti ngalande zadzaza. Kumeneko mwana amakula akudziwa kuti chinyalala ndi cha mwini wake mpaka atachifikitsa kunyumba. Inuyo monga mphunzitsi mukadzalowa pasukulu mudzaona ana akusesa ndi kukolopa m'makalasi ndi m'makonde tsiku lililonse, nthawi yake yoikika, aphunzitsi awo ali pomwepo. Kusesa ana athu amasesanso, koma kwathu nthawi zambiri tsache limapatsidwa kwa wochedwa ngati chilango. Kumeneko amagwira onse. Ndi anthu omwewa amene munawaona pa TV akutola mapepala m'bwalo la mpira masewera atatha ku World Cup ya 2018 ku Russia ndi ya 2022 ku Qatar.

Ndiye chochita n'chiyani? Muziyenda ndi jumbo m'chikwama. Ine tsiku lina ndinadya nthochi m'mawa pafupi ndi siteshoni, khungu lake ndinayenda nalo m'thumba la jekete mpaka madzulo, likuda, likununkha, ine maso ali mwazumwazu kufuna bini. Ndinakalitaya kuchipinda kumene ndinkagona. Pambali pa makina ogulitsa zakumwa pamakhala kabini ndithu, koma kakamwa kake ndi kozungulira, ka mabotolo ndi zitini basi. M'timasitolo ta konbini, monga 7-Eleven, Lawson ndi FamilyMart, mumapezeka mabini a zimene mwagula momwemo, n'chifukwa chake anthu ambiri amadyera pakhomo pomwepo, kutaya pepala, kenako n'kumapita. Kudya ukuyenda sikuletsedwa ndi lamulo, kungoti amakuona ngati wosaleredwa bwino. Jumbonso si yaulere: kuyambira Julaye 2020 masitolo amalipiritsa mayeni angapo (yeni ndi ndalama ya kumeneko).

Tsopano nsapato. Mukalowa m'nyumba ya munthu, m'nyumba zogona alendo zachikhalidwe, m'kachisi, ngakhale m'masukulu ndi m'malesitilanti ena, pakhomo pamakhala malo otsikirapo pang'ono otchedwa genkan. Nsapato zimathera pamenepo. Mukavula, musaponde pansi pa genkan ndi masokosi, kwerani molunjika pamwambapo, kenako muzitembenuze nsapatozo ziloze kukhomo. Adzakupatsani masilipasi. Mukafika m'chipinda choyalidwa mikeka ya tatami, masilipasiwonso avuleni, mulowe ndi masokosi okha. Mwamva kale uphungu wanga pamenepa: sokosi loti chala chachikulu chikusuzumira lisiyeni ku Dedza.

Msampha weniweni uli kuchimbudzi. Kumeneko kumakhala masilipasi akeake. Mumavula a m'nyumba pakhomo, kuvala a m'chimbudzi, potuluka n'kusinthanso. Ine ndinaiwala. Banja lina linatiitana kukadya, ndinapita kukadzithandiza, pobwera ndinadzakhala pagome bwinobwino, nkhani zili mkati. Kamtsikana ka m'nyumbamo kanayang'ana mapazi anga, kanagwira pakamwa, kenako kuyang'ana amayi ake. Mayiwo sananene kanthu. Anangodzuka, kukatenga masilipasi anga aja, kudzawaika pafupi ndi ine mwakachetechete. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mnzanu uja ndikukhulupirira kuti zake zinali zomwezi, anangochita manyazi kukuuzani zonse.

Za ndalama n'zosavuta. Musasiye ya fanta paliponse, kaya mulesitilanti, m'takisi kapena kuhotela. Woperekera zakudya akapeza ndalama pagome amati mwaiwala, ndiye amakutsatirani nazo panja. Polipira, ndalama muziika m'kambale kamene kali pakauntala, osati m'manja mwa wogulitsa. Chimene chinandisangalatsa ine n'choti mawu akuti "chenje palibe" sindinawamvepo: mutha kugula botolo la madzi ndi pepala la mayeni 10,000, adzakuwerengerani chenje chonse inu mukuona. Ndalama zachitsulo zilipo za 1, 5, 10, 50, 100 ndi 500. Ya 5 ndi ya 50 ndi zobooka pakati, ndipo ya 5 ilibe nambala imene inu mungawerenge, zilembo zake ndi zachijapani zokhazokha. Muidziwire mtundu wake wachikasu. Timalesitilanti tambiri timafunabe ndalama yapamanja, choncho musadalire khadi lokha. Makina a ATM a mu 7-Eleven ndi a kupositi ofesi nthawi zambiri amalandira makhadi akunja. Mukadzapita ku izakaya, malo omwera amene amagulitsanso zakudya, adzakuikirani kambale ka ndiwo kamene simunaitanitse, otoshi, ndipo kadzaoneka pabilu. Sanakubereni, ndi mtengo wa mpando umenewo.

M'sitima ndi mmene ine ndinavutikira mumtima, ndisaname. Munthu wozolowera minibasi, mmene kondakitala akukuwa, wailesi ili pamwamba, mayi wina akukambirana za maliro pafoni tonse tikumva, kulowa m'bogi lodzaza anthu mazana koma lili zii, umayamba kudzifunsa ngati kwagwa zovuta. Foni amaitseka kulira, ndipo kuyankha foni m'sitima ndi mwano. Pali mawu amene amawakonda, meiwaku, kutanthauza kusowetsa ena mtendere, ndipo amayesetsa kupewa zimenezo kulikonse. Ineyo ndimaona kuti nthawi zina amapyola nazo muyeso, moti nkhalamba imatha kukana mpando poopa kukuvutitsani. Komabe kwawo n'kwawo. Gulani khadi lolipirira sitima la Suica kapena Pasmo, kapena Icoca ngati muli chakumadzulo, muziikamo ndalama n'kumangogunditsa pachipata. Pa masitepe oyenda okha, ku Tokyo amaima kumanzere, ku Osaka kumanja. Ingoonani amene ali patsogolo panu. Sitima zambiri zimaleka kuyenda cha pakati pa usiku. Ikakusiyani yomaliza, takisi ndi yodula kwabasi, ndipo chitseko chake chakumbuyo musachigwire, dalaivala amatsekula ndi kutseka yekha ali pampando wake. Powoloka msewu mpomwe simudzasokonezeka, galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu.

Zotsalazi ndingozitchula. Pasipoti muziyenda nayo nthawi zonse, ndi lamulo kwa mlendo. Mukasochera, funsani pa koban, timaofesi ta apolisi topezeka pafupi ndi masiteshoni, chifukwa misewu yambiri ilibe mayina ndipo ngakhale eni dziko amasochera. Timitengo todyera musatizike chilili mumpunga, amachita zimenezo pamaliro. Muzikhala ndi kampango m'thumba poti zimbudzi zambiri za m'misewu zilibe chopukutira m'manja. Mawu amodzi oti muloweze ndi sumimasen: ndi pepani, ndi zikomo podutsa, ndiponso ndi mmene mumaitanira woperekera zakudya.

Chomaliza ndi magetsi. Awo ndi a mavoti 100, athu ndi 230, ndipo pulagi yawo ndi ya mano awiri aphwatalala. Chaja cha foni ndi cha laputopu chimagwira bwino mukagula adaputa, ingowerengani ngati palembedwa 100 mpaka 240. Koma ayironi ndi ketulo, aphunzitsi, musavutike n'kuzinyamula, sizikatentha mokwanira.